Batani Lobwerera Kunyumba

Khalani chete, adzukulu anga obadwa kale ndi inu amene mukadali m'misana ya makolo anu, chifukwa amene wagwira cholembera lero si munthu wamba. Ndine amene ndinatumikira positi ofesi zaka makumi atatu ndi ziwiri pa njinga imodzi. Ndinalumidwa ndi agalu asanu ndi anayi, mmodzi mwa iwo kawiri, ndipo palibe kalata imene inagonapo m'chikwama changa chifukwa chosowa mwini wake. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi chifukwa aphunzitsi zondiphunzitsa zinawathera.

Ana ndili nawo awiri, onse aakazi. Woyamba timangomutchula Chisamba, ndi namwino kunja kwa dziko. Wotsiriza ndi Mzime, mphunzitsi, amene ndimakhala naye, kapena kuti amene amandilamulira. Pafoni sindilankhula. Khutu linagontha, komanso mawu opanda sitampa sindiwakhulupirira. Makalata ali m'munsiwa ndawasonkhanitsa, ena ndachita kulanda, kuti mudzadziwe mmene agogo anu anasankhira kachipangizo kolozera njira. Zonse ndi zoona, kupatula chimodzi.

4 Malichi

Wokondedwa mwana wanga Chisamba,

Landira moni. Kaya uli bwanji pamodzi ndi mkamwini wanga ndi ana? Ine ndili bwino kuyambira m'khosi kupita m'mwamba. Kumunsiku mawondo akulira ngati chitseko cha kubafa.

Ndikudziwitse kuti kuno kwagwa zamalaulo. Mng'ono wako wamanga njinga yanga. Waikulunga tcheni cha galu, waikoleka kuzitsulo za pawindo la m'khonde, kiyi wavala m'khosi ngati mkanda. Lero ndi tsiku la khumi ndi chisanu ili m'ndende popanda kuzengedwa mlandu.

Nkhani yake ndi iyi. Lachiwiri lina ndinapita kukachipatala kathu kaja kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Pobwerera, pamphambano ya pachigayo, ndinapeza lole yodzaza matiresi itaima. Dalaivala wake, chimunthu cha ndevu, anali pafupi kulira. Anasochera kuyambira m'mawa, ndipo aliyense amene ankamufunsa ankangomuuza kuti "pitani chakutsogoloko." Tsono ine, munthu wodziwa khomo lililonse m'tauni muno, ndikanamusiya? Ndinati nditsate. Ndinatsogola ndikuliza belu, lole ikubwera pambuyo ngati ng'ombe, mpaka kutsidya kwa njanji. Kumeneko tayala langa lakumbuyo linaphwa. Mayi wina wosoka zovala anandiperekeza wapansi chifukwa nkhani zanga zinamukomera. Mlandu wonse ndi umenewu: kuthandiza wosochera.

Uuze mng'ono wako atulutse njinga. Iwe amakumvera, ine amangondiwerengera mapilisi. Ulembe msanga, undiuzenso ngati kamdzukulu kanga kayamba kumera mano.

Ndine bambo wako, mkaidi wopanda mlandu.

4 Malichi, kapepala kolowetsa mu envelopu yomweyo

Achemwali,

Moni. Ndalowetsa kapepala aka popita kukaponya kalata yawo. Pafoni sindingathe kunena zonse, chifukwa khutu lawo logonthalo limachira ndikangotchula mawu oti "bambo."

Anachoka eyiti koloko m'mawa kupita pamalo pamene ndi mphindi khumi ndi zisanu zokha pa njinga. Anafika folo koloko madzulo, milomo itauma, atagwiridwa mkono ndi mayi amene sindinamuonepo. Mayiyo anandikokera pambali n'kundiuza kuti anawapeza atakhala pamwala pafupi ndi shopu yake kwa nthawi yaitali, ndipo atawafunsa kumene amakhala anangotchula chigayo. Za lole sakudziwa. Tayala linalidi lophwa, koma wokonza njinga analiviika chubu chonse m'madzi, sanapeze bowo. Anangopopa basi.

Sindikudziwa choti ndiganize. Mwina lole inalipodi, mukuwadziwa bambo. Koma ine ndimakhala kusukulu tsiku lonse, ndipo msewu waukulu uja magalimoto achuluka. Njinga ndaimanga. Sakundilankhula, akungondilembera timakalata n'kuika pansi pa mbale. Ka dzulo kanali kopita kwa "Mkulu wa Ndende."

Tithandizane nzeru.

Mng'ono wanu.

22 Malichi

Okondedwa Bambo,

Moni wochuluka. Tonse tili bwino. Mdzukulu wanu wamera mano awiri ndipo waluma kale bambo ake, ndiye mwina watengera agalu anu aja.

Nkhani ya lole ndaimva. Ndapeza njira yoti inu ndi Mzime nonse mupambane. Kuno okwera njinga amamangirira pahandulo kachipangizo kotchedwa jipiesi. Kamamva kuchokera ku makina oyandama mumlengalenga, ndipo kamadziwa pamene munthu ali ndi njira yopita kumene akufuna. Mukakhala nako, njinga imasulidwa. Ndadula zithunzi zitatu m'kabuku ka kusitolo, musankhe nokha.

Koyamba n'kakang'ono ngati bokosi la machesi. Kamangoonetsa muvi, mapu kalibe, koma batire lake limakhala masiku ambiri.

Kachiwiri n'kofanana ndi foni. Kali ndi mapu amitundumitundu ndipo kamalankhula, kukuuzani kuti khoterani kumanzere. Mumachita kukhudza pagalasi ndi chala. Kamafuna kutchaja tsiku ndi tsiku.

Kachitatu n'kapakatikati, kali ndi mabatani enieni odina, zilembo zikuluzikulu, ndipo mvula sikaopa. Kali ndi batani lina loti mukalidina muli kulikonse, kamakulozerani njira yobwerera kunyumba.

Podikira kuti musankhe, ndatumiza kudzera mwa mnzanga amene akubwera kumeneko kanthu kakuda konga chivindikiro cha botolo. N'kongowerenga makilomita basi, kuti tidziwe kuti mumayenda mtunda wautali bwanji. Mukamangirire pansi pa chishalo. Kakafika, Mzime amasula njinga, ndamuuza kale.

Mwana wanu wokukondani,
Chisamba.

9 Epulo

Mwana wanga,

Moni. Kalata yako inayenda masiku khumi ndi awiri. M'nthawi yanga wina akanachotsedwa ntchito. Mkaidi wa matayala awiri uja watuluka, ndamupukuta, ndamudzoza mafuta. Kanthu kako kakuda kafika ndipo kayamba kale ntchito.

Zithunzi ndaziyala patebulo ngati mnyamata wosankha mbeta, ndipo ndili ndi mafunso. Uyankhe onse, usadumphe.

Makina amumlengalengawo anawakweza ndani, nanga akawonongeka amakwera ndani kukakonza? Ukuti amandiona. Kodi amaona ngakhale nditavala chipewa? Nanga ndikapatukira kuseri kwa mtengo kukataya madzi, amayang'ana kumbali?

Kolankhulako, mawu ake ndi a mwamuna kapena a mkazi? Ndikapanda kumvera, kamanyanyala? Ndikufunsa chifukwa mayi ako anandilozera njira zaka makumi anayi ali pakaliyala. Akafuna kumanzere ankanditsina nthiti yakumanzere. Batire lawo silinatheko ngakhale tsiku limodzi, mpaka pamene Mulungu anawatenga. Sindikudziwa ngati ndingalole mkazi wina kundilamula pa njinga yomweyo. Komanso zala zanga zimakhala ndi girizi. Galasi lokhudzakhudza ndingaliphe sabata imodzi.

Ka muvi kokha kaja ndakakonda pa batire, koma muvi wopanda mapu uli ngati munthu woloza ndi mlomo: akuuza kuti ndi uko, osakuuza kuti pakati pali mtsinje.

Ndiuzenso ichi. Ife a positi tinkadziwa njira ndi zinthu zake. Tinkati nyumba yachitatu ukadutsa mpopi wodontha, geti la buluu, galu wa diso limodzi. Kodi jipiesiyo agalu imawadziwa? Ikudziwa kuti kanjira kachidule ka kuseri kwa chigayo kamadutsika chilimwe chokha? Nanga batire likathera pakati pa ulendo, amalozera mnzake njira ndani, iyo kapena ine?

Tsono kachitatuko. Nyumba yanga kaidziwa bwanji, poti sikanafikeko? Ndikalidina batanilo ndili kale m'nyumba, kanditumiza kuchipinda kapena kukhitchini? Ndangofunsa, si kuti ndikulifuna.

Bambo wako, katswiri wa misewu.

Ndaiwala. Batani lobwerera kunyumbalo ndi lalikulu bwanji? Munthu angalidine anthu osaona kuti wadina?

27 Epulo

Mng'ono wanga Mzime,

Moni. Kalata iyi usawaonetse bambo. Ndalemba chifukwa pafoni ndingalire.

Monga ukudziwa, kanthu kakuda kaja sikowerenga makilomita kokha. Kamandionetsa pafoni yanga pamene njinga ili. Zimene ndikuona masabata atatu ano zanditha mphamvu. Tsiku lililonse njinga imayamba kuyenda m'mamawa, imaima malo makumi awiri ndi atatu, malo omwewo, ndondomeko yomweyo, mphindi zitatu zitatu. Imakwera chitunda cha kumatanki a madzi chimene ngakhale anyamata amachita kukankha. Makilomita makumi asanu pa tsiku, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi zisanu ndi chimodzi! Lamlungu imakaima maola atatu panyumba ina kutsidya kwa mlatho. Iwe ukuti ukamachoka amakhala ali m'bulangete, ukamabwera umawapeza ali pakhonde. Ndiye kuti amadzuka iwe usanadzuke n'kubwerera kukagona, kenako n'kutulukanso? Sindikumvetsa.

Ndinamuonetsa dokotala wina wa kuntchito kuno. Akuti sanganene asanawaone, koma zimachitika kuti okalamba mutu ukayamba kusokonekera amabwerera ku ntchito yawo yakale. Mzime, ndikuganiza kuti bambo akugawa makalata amene kulibe.

Za kusankha jipiesi tiiwale. Imangenso njingayo, ndipo ufunse wokonza njinga ngati angapeze woigula. Ikakhala pakhomo sadzasiya. Ndikuyesetsa kupeza tchuthi.

Mkulu wako.

10 Meyi

Chisamba,

Moni wake ndi wochepa lero, ugawane ndi ana.

Zaka makumi atatu ndi ziwiri sindinatsegulepo kalata ya munthu. Ndayamba nditapuma pantchito. Kalata yako kwa Mzime inafika iye ali kusukulu, nthunzi ya ketulo inandithandiza, ndipo ndawerenga kuti ndapenga.

Tamvera tsono. Tsiku limene kanthu kako kanafika ndinapita nako kwa wokonza njinga kuti andimangirire. Anakatembenuza, n'kuseka mpaka kugwetsa sipanala. Anati, "Mdala, aka si kowerenga makilomita. Aka ndi kazitape. Abwana ena amaika pa njinga za antchito awo." Ndinati zikomo. Ndiye ndinaganiza kuti kazitape wochokera kutali chonchi si bwino kumukhazika pakhonde, ayenera kuona tauni. Ukumudziwa bambo wogulitsa buledi amene amadutsa pano ndi bokosi lalikulu pakaliyala? Ndinamupatsa pampu yanga yakale, iye n'kulola kunyamula mlendo pansi pa bokosi. Malo makumi awiri ndi atatu aja ndi magolosale. Chitunda cha kumatanki amakwera yekha, miyendo yake ili ngati mitondo. Za Lamlungu kutsidya kwa mlatho, si ine, ngakhale ndikanakonda. Ali ndi chibwenzi kumeneko, ndipo tsopano wapempha kuti kazitape achoke msanga mkazi wake asanamve kuti zoterezi zilipo.

Ndinaseka masabata atatu. Lero sindikuseka. Mwagwirizana kugulitsa njinga imene inakuphunzitsani nonse awiri. Iwe unapita kusukulu ya unamwino utakhala pakaliyala yomweyo, sutikesi ili pamutu. Ukanandiuza kuti, "Bambo, ndili ndi mantha, ndikufuna ndizikuonani," mwina ndikanakana, koma ndikanakana mwaulemu. Unasankha kundinamiza ngati mwana womwetsedwa mankhwala m'tiyi. Amene amanama m'banja muno ndi ine. Ntchito imeneyi sinalengezedwe kuti ikufuna wina.

Dokotala wakoyo umuuze kuti wodwala wake amagulitsa buledi.

Bambo wako, wamutu wabwinobwino.

11 Meyi

Achemwali,

Moni. Kalata yanu ndaipeza pansi pa mbale, yomatidwanso bwinobwino, pamwamba atalemba kuti "yafika mochedwa chifukwa cha nyengo." Andiuza zonse za wabuledi. Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Inunso sekani, bambo sanapenge.

Koma nditatha kuseka ndinadzifunsa: ngati kanthu kaja kanali pa njinga ya buledi, bambo anali kuti mwezi wonsewu? Ndinafunsa amayi oyandikana nafe amene amakhala pakhomo tsiku lonse. Akuti m'mawa uliwonse amatulutsa njinga, kuipukuta, kupopa matayala, kumanga miyendo ya buluku ndi timphira, kuvala chipewa. Amapalasa mpaka pamphambano ya pachigayo. Akafika amatsitsa phazi, kuyang'ana uku ndi uku, kuliza belu kamodzi, n'kutembenuka. Tsiku lililonse. Sanadutsepo pamenepo. Tsopano ndakumbukira kuti mankhwala a mwezi uno anandituma ine, ati mzere wa kuchipatala umawatopetsa.

Achemwali, tcheni ndinachotsa kalekale, koma njinga ikadali yomangidwa. Sindinawafunse kanthu ndipo inunso musawafunse. Sindiigulitsa. Alembereni, ndipo ulendo uno muwauze zoona.

Mng'ono wanu.

26 Meyi

Okondedwa Bambo,

Moni, wathunthu, ngakhale inu munandipatsa wodula.

Ndinalakwa. Ndili ndi mantha, ndipo ndikufuna ndizikuonani. Ndanena tsono, kanani mwaulemu ngati mukufuna. Njinga sigulitsidwa.

Mayankho anu ndi awa. Makina amumlengalenga alibe maso, amangotumiza chizindikiro, ndiye kuseri kwa mtengo muli pa ufulu. Agalu sawadziwa. Kanjira ka kuseri kwa chigayo mwina sakadziwanso. Nyumba mumakaphunzitsa nokha: mumaima pageti, n'kudina kamodzi, sikaiwalanso. Batanilo ndi lalikulu ngati la jekete, lili m'mbali, chala chachikulu chimalifika dzanja lili pahandulo. Palibe angaone.

Kanthu kakuda kaja mukatenge kwa wabuledi, banja lake lisathe. Mukaike pa njinga kapena m'kabati, zili kwa inu.

Chisamba.

8 Juni

Mwana wanga,

Moni wonse, ndi wotsala uja ndabweza.

Bwalo lakhala, ine ndekha wapampando, ndipo chigamulo ndi ichi. Ka muvi kagwa chifukwa cholozera ndi mlomo. Kolankhula kagwa chifukwa malo a mayi ako alibe wolowa. Nditumizire kachitatu, ka mabatani. Musaganize kuti ndikufuna batani lija. Ndaganizira anthu osochera amene ndimakumana nawo, kuti ndikawaperekeza kutali ndizibwerera msanga tiyi asanazizire.

Kazitape ndamubweza pansi pa chishalo changa ndi manja anga. Uziona, koma malamulo ndi awiri. Ukaona ndaima nthawi yaitali pamalo amodzi, usathamangire kwa dokotala, uyambe waganiza kuti ndapeza wondimvetsera. Ndipo ukaona ndili kutsidya kwa mlatho Lamlungu, usangalale nane.

Mdzukulu wanga umuuze kuti aziluma mosankha.

Bambo wako.

Makalata athera pamenepa, adzukulu anga. Kachipangizo kanafika mu Julayi. Ndinaima pageti, Mzime atagwira njinga, ndinadina, kanaphunzira nyumba msanga kuposa mkamwini wanga. Loweruka tinanyamuka awiri, iye pa njinga yobwereka, akuwefuka pambuyo ngati pampu yotha. Pachigayo sindinatsitse phazi. Tinadutsa msika, tinawoloka njanji, tinakapereka moni kwa mayi wosoka zovala uja. Pobwerera ndinadina ndi chala chachikulu, Mzime anayang'ana kumbali ngati sanaone. Kanatizungulitsa njira yaitali ya kumsewu waukulu, chifukwa kachidule kaja sikakadziwadi. Ndinakanyoza njira yonse, koma ndinakatsata mpaka pageti.

Tsopano chimodzi chija ndinalonjeza. Ndinkafuna kulemba kuti tsiku lija ndinasokonezeka chifukwa anadula mtengo wa pamphambano ndi kupenta chigayo mtundu wina. Mtengo ulipo. Chigayo ndi chomwecho. Ndinafika pamalo pamene ndadutsa kambirimbiri kuposa tsitsi la m'mutu mwanga, ndinayang'ana misewu inayi, ndipo yonse inali yachilendo. Ndinasankha umodzi, ndinapalasa, ndinapalasa, ndikuchita manyazi kufunsa, ine amene tauni yonse inkandifunsa njira. Mayi uja atandipeza ndinachita ngati ndikumanga nsapato, n'kutsegula valavu kuti mpweya utuluke, kuti ndikhale ndi chonena kunyumba.

Wabuledi alipo, mukhoza kukamufunsa. Agalu asanu ndi anayi aja zipsera ndili nazo, bwerani ndikuonetseni. Koma lole ya matiresi musavutike kuifunafuna. Wosochera tsiku lija anali mmodzi yekha, ndipo anali pa njinga.